Wogula puloti ayambe wadziwa cimene akugula

KUMAPETO kwa mwezi wa August, pamene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, nyumba zogona alendo pa Katete zimadzaza. Anthu oona zimenezi amayamba kuwerengera mumtima. Tauniyi ili pamene mseu wopita ku Chanida, ku malire a Mozambique, upatukira pa mseu waukulu wa Lusaka ndi Chipata. Sinda ndi Vubwi, cilandirire udindo wa maboma mu 2012, akhala akulandira anchito a Boma ofuna nyumba za lendi. Motero aphunzitsi, olandira penshoni ndi alimi amene agulitsa bwino soya onse afuna puloti.

Cilakolako cimeneci ncabwino. Koma mwambo wa Kulamba ndi wa masiku owerengeka, ndipo womanga nyumba ya alendo ayenera kudziwa amene adzagonamo miyezi ina khumi ndi umodzi.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya mtundu wa malowo. Mu 1975 Boma la Dr Kenneth Kaunda linathetsa umwini wamuyaya wa malo ndi kulamula kuti nthaka yopanda kanthu isagulitsidwe, koma cokhaco cimene munthu wamangapo kapena kubzalapo. Lamulo la Malo la 1995 linabwezera mtengo pa nthaka, ngakhale kuti malo onse akali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a dziko lino. Amene ali ndi taito ndiye kuti wabwereka malowo kwa Boma, kawirikawiri kwa zaka 99. Malo ambiri m'maboma atatuwa alibe taito. Ndi malo a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kalata ya mfumu ya mudzi iloleza munthu kukhala ndi kulima, ndipo pamudzi ili ndi ulemu wace, koma si taito. Mabanki ambiri sailandira ngati cikole. Kuti malo a makolo asanduke a taito, pafunika cilolezo colembedwa ca mfumu yaikulu ya deralo, mapu a malowo, cibvomerezo ca khonsolo, ndipo potsiriza dzanja la Komishonala wa Malo. Lamulo linenanso kuti anthu ena amene malowo awakhudza afunsidwe. Mau amenewa asapepusidwe. Pakati pa Acewa munda ndi wa mbumba, ndipo mnyamata amene auloza ndi cala nalandira ndalama mwina alibe mphamvu iliyonse pa iwo. Wogula amene sanakhale pansi ndi mwini mbumba pamodzi ndi alongo ace wagula mlandu. Ngakhale lamulo la 1989 logawa cuma ca masiye silikhudza malo a makolo. Amenewo agawidwa mwa mwambo.

Ogulitsa nawo aganizire bwino. Munda ukalowa m'buku la Boma wacoka m'manja mwa mfumu ndi mwa pfuko, ndipo kuubweza nkobvuta kwambiri. Ndalama za munda zikhoza kutha dzinja lisanafike, pamene adzukulu adzafunabe polima.

Wogula malo amene ali kale ndi taito nchito yace njopepukako, koma asafulumire. Apite ku ofesi ya Unduna wa za Malo kukaona ngati dzina lolembedwa m'buku ndi la wogulitsayo, ngati taitoyo siinaperekedwe cikole ku banki, ndiponso ngati msonkho wa caka ndi caka wa malowo ulibe zotsalira. Aone zizindikiro za malire ndi maso ace, afunsenso oyandikana nawo. Malonda sangathe popanda cilolezo ca Boma cosinthira dzina. Palinso msonkho wosinthira umwini, umene unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 pa 100 kuciyambi kwa 2025. Wolipira msonkhowo ndi wogulitsa, cotero auwerengere asanachule mtengo. Ndalama zidzere ku banki, m'zigawo, pangano litalembedwa pamaso pa mboni, ndipo cigawo cotsiriza ciyembekeze mapepala.

Za nkhongole zifunika pensulo. Mu 2024 ciongoladzanja ca mabanki ambiri cinali kupitirira 20 pa 100. Munthu akakongola K200,000 pa 25 pa 100, ciongoladzanja cokha ndi K50,000 pa caka, ndiye kuti koposa K4,000 pa mwezi, asanayambe nkubweza komwe ndalama zimene anatenga. Ngati lendi ya nyumbayo siifika pamenepo, mwini nyumba ndiye akugwirira nchito banki. Mlimi amene adalira zokolola kuti abweze akumbukire cilala ca 2024, cimene cinaumitsa cimanga m'madera ambiri a dziko lino. Banki siyembekeza mvula. Ncifukwa cace njira yakale youmba njerwa caka cino, kugula malata caka camawa, ndi kulowetsa wa lendi m'zipinda ziwiri zoyamba ikali yanzeru, ngakhale icedwa. Wolandira malipiro a pamwezi angafunse ku Zambia National Building Society ndi kulinganiza ndi mabanki ena asanasaine.

Nyumba si ng'ombe imene mwini wace angapite nayo ku msika matenda akagwa pakhomo. M'tauni yaing'ono wogula akhoza kusowa miyezi yambiri, ndipo wogulitsa mofulumira amagulitsa mochipa. Nyumba yopanda taito kapena yomangidwa popanda pulani yobvomerezedwa ndi khonsolo imacedwa koposa, pakuti wogula wofuna nkhongole ya banki sangaikhudze.

Makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi angacepetse milandu yambiri mwa kulengeza mapuloti poyera, pa wailesi ndi m'Cinyanja, pamodzi ndi mitengo yace ndi tsiku lotsekera mafomu, kuti mphunzitsi wa ku sukulu yakutali amve tsiku lomwelo limene amva wamalonda wa pa boma.