Musanagule kompyuta yoonerapo kanema, yambani mwafunsa batire

Sabata yatha mphunzitsi mnzanga wa pasukulu yoyandikana ndi yathu adandipeza pamsika ndikugula matemba. Tisanamalize n'komwe moni, adatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha chikompyuta chakuda, chachitali ngati chigubu cha malita 20. "Achimwene, ndapeza ya i7. Ndikufuna tizionerapo mafilimu kunyumba ndi ana. Ndigule?" Ndidawapempha kuti ndalamazo azisunge kaye mpaka awerenge tsamba lino, chifukwa dzenje limene akufuna kugweramolo ine ndidagweramo kale.

Zaka zitatu zapitazo, nditagulitsa soya, ndidakwera minibasi kupita mumzinda ndili ndi zolinga ziwiri. Choyamba, ana anga adali atayamba kuzembera ku vidiyo shoo ya pamsika, kumene mwana amaona chilichonse chimene mwini wake waika. Chachiwiri, ophunzira anga a Fomu 4 ankavutika ndi Chingerezi cha sewero la Macbeth, ndipo ndinkakhulupirira kuti ataliona ndi maso zinthu zingapepuke. TV ya mainchesi 32 ndidali nayo kale, sola ndi batire zidaliponso. Chidatsala ndi kompyuta yosungiramo ndi kuonetsera mafilimuwo.

Wogulitsa adandilandira bwino. "Bwana, iyi ndi i7, ili ndi graphics card yakeyake. Yoposa apa simuipeza." Ine ndidaona kukula kwake, ndidamva dzina, ndidalipira.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, mayeso a MSCE atayandikira, ophunzira adadzaza pabalaza panga, ena pamkeka, ena pakhomo. Kunja kudali chiperoni cha masiku atatu, dzuwa osaoneka. Filimu idayenda mpaka pomwe mzukwa wa Banquo ukutulukira paphwando, kenako inveta idayamba kulira, TV n'kuthima. Mnyamata wina adafunsa, "Sala, ndiye mzukwawo wathimitsanso magetsi?" Anzake adaseka, ine ayi. Usiku umenewo m'nyumba mudalibe ngakhale babu limodzi loyaka, mafoni adagona osatchaja, ndipo mayi a kunyumba adangoloza chikompyutacho n'kunena kuti, "Abambo, ndiye soya uja ndi ameneyu?" Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wogulitsa uja sadandinamize. Kompyuta idalidi i7. Wolakwa ndidali ine, amene ndidagula ndisanawerengere chimene nyumba yanga ingakwanitse kudyetsa. Tsono tiyeni tiyambire pomwe ndidayenera kuyambira.

Batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu yokwana 1,200Wh. Papepala ndiye kuti chipangizo chodya mawati 100 chingayake maola 12. Koma mabatire a mtovu ndi asidi amene ambirife tili nawo safuna kukamidwa mpaka kuuma. Ukamawatsitsa kupitirira theka tsiku ndi tsiku amafa msanga, choncho werengerani 600Wh zokha. Chikompyuta changa, TV, masipika ndi inveta yomwe pamodzi zinkadya mawati pafupifupi 200. Gawani 600 ndi 200 mupeza maola atatu, batire litadzadza bwino, mababu onse ali chithimire. Tsiku la chiperoni lija batire lidali losadzadza, ndiye zotsatira zake mwazimva. Kakompyuta kamene ndili nako pano, pamodzi ndi TV yomweyo, kamadya mawati pafupifupi 60, omwe ndi maola 10 pa batire lomwelo. Amene muli pa magetsi a Escom masamu ndi omwewa, kungoti inu mumalipira mayunitsi. Mawati 200 kwa maola atatu patsiku ndi mayunitsi 18 pamwezi, pomwe mawati 60 sakwana n'komwe mayunitsi 6.

Chachiwiri ndi purosesa, ubongo wa kompyuta. Apa ndi pamene ambiri timapusitsidwa ndi dzina. Mawu akuti i3, i5 kapena i7 satiuza zaka za purosesa. Zaka zake zili mu nambala yotsatira. Yanga ija idali i7-3770, ndipo 3 woyambayo akutanthauza m'badwo wachitatu, womwe udatuluka mu 2012. Imene ndili nayo pano ndi i5-7500T, ya m'badwo wa 7, ya mu 2017. Chilembo T kumapetoko chikusonyeza mtundu wosadya magetsi ambiri, wa mawati 35, pomwe yakale ija ndi ya mawati 77.

M'badwo ndi wofunika chifukwa filimu ya pakompyuta imakhala yopanikizidwa kuti ichepe, monga momwe timatsenderera fodya m'belo, ndipo pamafunika womasula. Njira yakale yopanikizira imatchedwa H.264. Yatsopano, H.265, yomwe ena amalemba HEVC, idavomerezedwa mu 2013, ndipo mafilimu ambiri amene timapatsirana masiku ano ali m'njira imeneyi chifukwa amadya malo ochepa. Mapurosesa a Intel ali ndi kachigawo kapadera kongomasula kanema. A m'badwo wa 6 amamasula H.265 wamba, ndipo a m'badwo wa 7 amamasulanso ya 10-bit komanso VP9 imene YouTube imagwiritsa ntchito. Purosesa ya 2012 ilibe kachigawo ka H.265, ndiye imagwira ntchitoyo ndi mphamvu zake zonse, kutentha, fani kulira, batire kutsika. Pa nkhani ya kanema, i3 ya m'badwo wa 7 imachita mopepuka zimene i7 ya m'badwo wachitatu imachita thukuta lili kamukamu.

Pachifukwa chomwecho, graphics card yapadera isiyeni. Imeneyo ndi ya anyamata a magemu ndi akatswiri okonza mafilimu. Kwa ife ongoonera, ndi pakamwa pena pofuna kudyetsedwa. Musatengekenso ndi mawu akuti 4K. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, pomwe ma TV ambiri a mainchesi 32 ali ndi 1366 ndi 768 basi. Kulipira 4K pa TV yotere kuli ngati kugula feteleza wa maekala asanu uli ndi dimba la kuseri kwa nyumba.

Nanga mapurosesa otere amapezeka m'makompyuta ati? Funsani timakompyuta ta m'maofesi tomwe timabwera ngati kaunjika: Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini kapena Lenovo ThinkCentre Tiny. Kukula kwake n'ngati Baibulo, ndipo timagwiritsa ntchito tchaja yonga ya laputopu, kawirikawiri ya mawati 65. Onetsetsani kuti tchajayo ndi yakeyake. Amene thumba likulola angayang'anenso timakompyuta tatsopano ta purosesa ya Intel N100, ya mu 2023, yolembedwa mawati 6 okha, yomwe imamasulanso njira ina yatsopano yotchedwa AV1. Kulinso Raspberry Pi 4, kabolodi kokwana m'dzanja ka mu 2019, komwe kamayaka ndi mavoti 5 ngati foni ndipo kamamasula H.265. Ubwino wake wina ngwakuti pa TV zimene zili ndi HDMI-CEC mumakalamula ndi rimoti ya TV yomweyo. Kuipa kwake, bokosi, tchaja ndi memory card mumagula padera, ndipo sikapezeka m'sitolo iliyonse.

Chachitatu ndi RAM ndi posungira. Pongoonera mafilimu, RAM ya 4GB imakwana, koma ngati mukufuna kuikamo Windows kuti muzilembapo mayeso ndi malipoti, pezani 8GB. Mukamagula yoonjezera tengani kompyutayo kapena RAM yakaleyo popita kusitolo, chifukwa DDR3 silowa pamalo pa DDR4, ndipo timakompyuta timeneti timafuna RAM yaifupi ya mtundu wa laputopu. Posungira pakhale pawiri. M'kati muike SSD yaing'ono, ngakhale ya 128GB, ya mapulogalamu okha. SSD ilibe chozungulira m'kati, siichita phokoso, ndipo siopa kugwedezeka. Mafilimu akhale pa hadi disiki yakunja ya mainchesi 2.5 yomwe imadya moto wa pa USB. Zazikulu zija za mainchesi 3.5 zimafuna pulagi yakeyake. Disiki ya 1TB imalowa mafilimu pafupifupi 500 ngati iliyonse ili ya 2GB. Koma dziwani kuti hadi disiki ili ndi mbale yozungulira m'kati, ndipo ikagwa kapena moto ukathima ikulemba mukhoza kutaya zimene munasunga. Zithunzi za ukwati ndi za ana zisakhale pamalo amodzi okha.

Chachinayi, tembenuzani kompyutayo muone kumbuyo musanalipire. Chingwe cha HDMI chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. VGA, bowo la buluu lija, limanyamula chithunzi chokha. Timakompyuta tambiri ta m'maofesi tilibe HDMI, tili ndi DisplayPort, yomwe imaoneka mofanana koma siyomweyo. Zikatero gulani chingwe cha DisplayPort kupita ku HDMI tsiku lomwelo ndipo muchiyesere m'sitolo momwemo. Ine ndidaiwala, ndipo kachingwe kameneko kadandidyera ndalama ya minibasi ulendo wachiwiri. Za mawu, masipika a TV zopyapyalazi ndi ofooka, anthu akachuluka a kumbuyo samva. Masipika awiri ang'onoang'ono abwino amakwana pabalaza. Mukamva akung'ung'udza, kawirikawiri vuto ndi inveta yotchipa. Yolembedwa pure sine wave imapereka moto wosalala umene zipangizo zotere zimafuna.

Chachisanu ndi pulogalamu. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Amene mukufuna kompyuta ya ntchito zonse komanso ya pa intaneti, yambirani pa m'badwo wa 8. Koma ngati ndi ya kanema basi, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Kodi, yomwe imandandalika mafilimu ndi nyimbo pa TV ndi zilembo zazikulu zoti agogo awerenge ali pampando. LibreELEC, yaulerenso, imapangitsa kompyuta kuti ikangoyaka ilowe mu Kodi mosadutsa kwina. Imeneyi ndi ya banja la Linux, ndiye mavairasi a Windows amene timatengera pa mafulashi kumalo obenera nyimbo saigwira. Kakiyibodi kakang'ono kopanda chingwe kamagwira ntchito ya rimoti.

Chomaliza ndi fumbi ndi kutentha, zimene mabuku a zipangizozi salabadira kwenikweni chifukwa adalembera maofesi a makapeti. Kompyuta isakhale pansi, isakhale m'kabati yotseka, ndipo kansalu koluka kaja kamene amayi amakonda kuvindikira zinthu kazichotsedwa ikamayaka. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndimatsegula yanga n'kupukuta fani ndi kaburashi kouma. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani mapulagi onse ndi chingwe cha eriyo chomwe. Ndipo ngati mwagula yakale imene ikumaiwala tsiku ndi nthawi, si kuti yafa. Kabatire kake kozungulira ka CR2032 katha, ndipo n'kotchipa.

Ndinene chilungamo, ena mwa inu kompyuta simukuifuna n'komwe. TV zambiri zili ndi bowo la USB. Lowetsani fulashi muyese. Ngati mafilimu anu akuyenda, sungani ndalamazo mugulire mwana nsapato. Kompyuta imafunika pamene TV ikukana mafilimu ena, ikutulutsa chithunzi chopanda mawu, kapena pamene mwasonkhanitsa zambiri zofuna kusanjidwa bwino. Ndiponso amene mukuganiza zolipiritsa anthu pakhomo, dziwani kuti imeneyo sikhalanso kanema wa pabanja, ndi bizinesi, ndipo muyambe mwafunsa ku bungwe la Cosoma lomwe limateteza ntchito za aluso. Anthu ngati Shemu Joyah, amene adapanga The Last Fishing Boat, adalowetsa ndalama zawo kuti tione nkhani zathu pa kanema. Tisawabere.

Chikompyuta chija ndidachigulitsa moluza kwa munthu wa mumzinda amene ali ndi magetsi ndi ntchito yochiyenera. Chaka chotsatira gulu lina la Fomu 4 lidaonera Macbeth yense, mzukwa udabwera n'kupita, ndipo madzulo ake mababu adayaka. Ana anga adaonera The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, kangapo konse, ndipo wamng'ono adayamba kutolera mawaya akutha, zomwe mayi ake sakondwera nazo kwenikweni.

Tsono achimwene a pamsika paja, yankho langa ndi ili. Musanapite mumzinda, werengani zolembedwa pa batire lanu ndi kumbuyo kwa TV yanu, mulembe papepala. Tengani fulashi yokhala ndi filimu imodzi ya H.265. Mukafika, funsani nambala yonse ya purosesa, osati i7 yokha, ndipo muwapemphe aonetse filimuyo kwa mphindi 15 inu mutaika khutu pafupi ndi fani. Wogulitsa woona mtima sakana zimenezi. Akakana, tsanzikani mwaulemu mulowe khomo lina. Safunsa adadya phula, ndipo ine langa ndidadya kale, lokwanira tonse awiri.