Pulani ya mphamvu za Lusaka iyambire pa mbaula

Kuyambira pamene cilala ca 2024 cinatisiya mu mdima, akuluakulu a boma ndi a mabungwe akhala akulankhula za kusintha kumene mzinda wa Lusaka utenga mphamvu zake. Mau amene amveka kawirikawiri ndi sola, mamegawati ndi makampani obweretsa ndalama. Ife sititsutsa zimenezi. Koma taona kuti m'nkhani zonsezi mbaula siichulidwa, conseco mbaula ndiyo iphikira Lusaka nsima tsiku ndi tsiku. Pulani yoiwala mbaula idzasiya vuto lalikulu pomwe lili, ndipo amene adzapitiriza kulipira ndi mlimi wa ku Chongwe, Rufunsa, Mumbwa ndi Chibombo, kumene mitengo ikutha.

Tonse tidziwa mmene tinafikira pano. M'caka ca 2024, magawo oposa 80 pa 100 a malaiti athu anali kudalira madzi: Kariba North Bank ya mamegawati 1,080, Kafue Gorge ya mamegawati 990, ndi Kafue Gorge Lower ya mamegawati 750 imene inatsirizidwa mu 2023. Madamu amenewa ndi aakulu ndithu, koma Zambezi ndi Kafue zimwa mvula ya nyengo imodzi. Mvula ikakana, onse afooka pamodzi. Tinaziona mu 2015, tinazionanso mu 2019. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo cakaco cisanathe nyumba zambiri zinali kukhala maola okwana 21 pa tsiku popanda malaiti. Zigayo zinaima. Owocherera zitsulo anakhala manja lende. Mapampu a madzi anakhala cete.

Pa nkhani ya sola pali zimene zacitika, ndipo tiyenera kuyamikira. Mu 2019 malo a sola a Bangweulu, a mamegawati 54, ndi a Ngonye, a mamegawati 34, anayamba nchito kum'mwera kwa Lusaka. Mu 2025 anatsegula ena a mamegawati 100 ku Chisamba. Mu 2024 boma linakhazikitsanso malamulo olola munthu amene ali ndi sola pa denga lake kutumiza malaiti otsala ku ZESCO. Zonsezi n'zabwino. Koma sola ipatsa mphamvu dzuwa likuwala, pamene nsima ya madzulo iphikidwa dzuwa litalowa. Ndiponso malaiti amenewa alowa m'nthambo za dziko lonse, kumene migodi yokha itenga pafupifupi theka. Mayi wa ku Kanyama sangaike mphika pa mamegawati a ku Chisamba ngati palibe amene waganizira za khichini lake.

Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'boma la Lusaka muli anthu oposa 2 miliyoni. Ambiri mwa iwo aphika ndi malasha, ngakhale amene ali ndi malaiti m'nyumba. Nyemba, vimbombo ndi nkhuku ya kumudzi ziphikidwa pa mbaula cifukwa zicedwa kupsa ndipo zitha mayunitsi. Malasha alinso ndi ubwino umene olemba mapulani saufuna kuuona: agulidwa pang'onopang'ono. Munthu amene apeza ndalama ya tsiku limodzi agula kapulasitiki ka malasha ka tsiku limodzi. Sitovu ndi botolo la gasi kawirikawiri sizigulitsidwa motero.

Apa ndi pamene cilala cikantha mitengo kawiri. Kumudzi cimanga cikauma, mlimi atenga nkhwangwa kuti apeze ya unga ndi ya ana a sukulu. M'tauni malaiti akazima, malasha afunika kwambiri ndipo mtengo wake ukwera. Ndiye cifukwa cake m'caka ca njala muona magalimoto ndi njinga za masaka zitandandalika pa Great East Road ndi pa mseu wa ku Mumbwa. Wowocha malasha si cigawenga. Kawirikawiri ndi mkhristu mnzathu amene tikhala naye pa benchi imodzi pa Sondo. Koma pa ndalama ya saka limene ligulitsidwa ku Chawama, iye amene anagwetsa mtengo, kuunjika uvuni ndi kugona m'thengo kulonda moto, ndiye alandira yocepa kuposa onse. Uvuni wa dothi nawo uwononga: mbali yaikulu ya mtengo ithera mu utsi ndi phulusa. Potsiriza mudzi utsala wopanda bowa, wopanda uci, wopanda matondo ndi masuku, amai ayenda mtunda wautali kufuna nkhuni, ndipo dothi la m'munda lipita ndi madzi a mvula yoyamba. Anthu a ku Chongwe aona kale mtsinje wao ukuuma m'zaka za cilala. Kutha kwa mitengo si cifukwa cokha, koma cili pakati pa zifukwa.

Mu April 2024 boma linaletsa kuwocha malasha m'maboma a Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji. Timvetsa cimene cinacititsa zimenezo. Koma ciletso sicizimitsa mbaula ya m'tauni. Cingosamutsa nkhwangwa kupita ku boma lina, galimoto iyamba kuyenda usiku, ndipo wogwidwa pa mseu akhala wa njinga wa masaka atatu. Malinga ngati Lusaka igula, wina adzawocha.

Nanga pulani ya mzinda inene ciyani? Lamulo la 2015 la kakonzedwe ka mizinda ndi madera lilamula khansolo iliyonse kukhala ndi pulani ya citukuko imene anthu afunsidwapo maganizo. M'pulani ya Lusaka tifuna kuona ciwerengero ca masaka a malasha olowa mumzinda, kumene acokera ndi amene awagwiritsa nchito. Tikadziwa zimenezo, tiyambe ndi owocha zambiri, osati ndi mayi wamasiye wa ku George. Masukulu ogonera komweko, zipatala, ndende, malesitilanti a m'misika, ndiponso oweta nkhuku amene afunditsa anapiye ndi mbaula usiku wonse m'miyezi ya June ndi July: awa ndiwo angathe kusamukira ku gasi kapena ku malasha oumba ndi zinyalala za m'munda, ndipo angapatsidwe caka cakuti akhale atasintha. Khichini limodzi la sukulu litha mitengo imene nyumba zambiri pamodzi sizingathe.

Za m'nyumba zifuna kuleza mtima. Cimene ciletsa anthu ku gasi ndi mtengo wa botolo ndi sitovu pa tsiku loyamba, ndiponso mantha a moto. Zonse ziwiri zili ndi mankhwala: ngongole yobweza pang'onopang'ono, malo odzazira gasi wocepa pafupi ndi kwao kwa anthu, ndi kuphunzitsa. Mbaula yomata dothi mkati idya malasha ocepa kuposa ya citsulo cokha, ndipo amisiri athu a m'makomboni atha kuipanga. Mphika wa malaiti wotseka mpweya upsetsa nyemba msanga ndi mayunitsi ocepa, ndipo ungagwiritsidwe nchito masana pamene sola ili ndi mphamvu. Khansolo ndiyo igawa malo m'misika ndi kutolera msonkho, conco ingathe kupatsa malo abwino ndi msonkho wocepa kwa ogulitsa zinthu zimenezi. Ndiyonso ivomereza mapulani a nyumba, conco ingathe kunena kuti hotela kapena nyumba yaikulu yatsopano itenthetse madzi ndi dzuwa. Masamba ndi tomato zoola za ku Soweto zimene zitayidwa ku Chunga zingathe kutulutsa gasi wophikira, m'malo mongonunkha.

Ndalama zina zilipo kale. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Makomiti a citukuko a m'mawodi ndiwo apereka maganizo a nchito zimene ndalamazi zigwire. Tikukumbuka odwala kolera amene anadzaza ku Heroes Stadium kuciyambi kwa 2024. Pampu ya sola pa thanki ya madzi ndi pa kiliniki ya m'komboni iyenera kukhala patsogolo pa mndandanda.

Tsopano kwa inu alimi. Mzinda sudzaleka malasha mawa kapena caka camawa, conco funso ndi lakuti malashawo acokera ku mitengo ya yani ndipo apindula ndani. Lamulo la nkhalango la 2015 lilola anthu a m'mudzi, pamodzi ndi mfumu yao, kupanga gulu losamala nkhalango yao ndi kulandira ufulu wa kuigwiritsa nchito. Gulu lotere lingathe kugawa thengo m'zigawo, kudula cigawo cimodzi pamene zina zikuphukira, ndi kugulitsa pamodzi pa mtengo wabwino. Khansolo ya Lusaka ikhale pansi ndi makhansolo a Chongwe, Rufunsa ndi Chibombo kuti malasha a magulu otere akhale ndi cizindikiro ndi malo ao pa msika. Kum'mawa alimi ambiri ogwira nchito ndi COMACO abzala gliricidia m'minda, mtengo umene ubwezera nthaka ndi kupatsa nkhuni. Zitsononkho za cimanga ndi makoko a nshawa zimene tiwocha pabwalo zingathe kuumbidwa kukhala malasha. Koma ticenjezane: mapesi asiyeni m'munda. Tisadyetse mbaula ya m'tauni ndi cakudya ca nthaka yathu.

Mipingo nayo isaloze cala boma cabe. Pa msonkhano uliwonse wa parishi ndi pa maliro alionse, nkhuni ziyaka usiku wonse. Machalichi ambiri ali ndi malo aakulu ndi madenga aatali. Magulu a cilimba a amai agulirana kale mapoto ndi malata, angathenso kugulirana botolo la gasi kapena mbaula yabwino. Nyengo yobzala mitengo iyamba pa 15 December, ndipo tidziwa zimene zicitika: mlendo wolemekezeka abzala, anthu aomba m'manja, mbuzi zidya. Mphakati uliwonse utenge mitengo imene ungathe kuthirira mpaka mvula yotsatira, ngakhale ikhale 20 cabe. A ku Chipata, umene unakhala mzinda mu 2017, angoyang'ana mapiri ao kuti adziwe ngati nkhaniyi ndi ya Lusaka yokha.

Tipempha makhansala a Lusaka kuti awerenge pulani ya mzinda m'Cinyanja pa misonkhano ya m'mawodi, ndipo aitaneko oimira alimi a m'maboma ozungulira. Wopita ku msonkhanowo afunse tsamba limene palembedwa za malasha.