Pagalaja: Tenti ya pikapu mvula isanayambe

Kalata yomwe yandipeza sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Nsaru amene ali ndi pikapu ya Toyota Hilux. Akuti chaka chatha adagula tenti mu Novembala, koma pofika Febuluwale idali itang'ambika m'makona onse anayi. Tsiku lina mvula idawapeza panjira, matumba atatu a feteleza wa eni ake n'kunyowa, ndipo adalipira ndi iwowo. Funso lawo ndi lakuti agule tenti yotani kuti chaka chino asaonenso zomwezo.

Zikomo bambo polemba. Ndiyankha motalikirapo chifukwa nkhaniyi ikukhudza anzanu ambiri amene amachoka mumsewu wa tala wa Lilongwe-Mchinji pa Mpingu, pa Msundwe kapena pa Namitete n'kulowa m'misewu yafumbi, komanso amene amatumikira midzi ya ku Kabudula ndi ku Nambuma.

Denga la nsalu pagalimoto ya m'thengo lidayamba kale. Land Rover yoyamba ya 1948 idatuluka ndi denga la kanvasi lochotseka, ndipo mpaka lero ku America eni Jeep Wrangler amavula denga nyengo yotentha kuti azipitidwa mphepo. Iwowo n'zachisangalalo. Kuno tenti imafunditsa chimanga, mtedza, soya, simenti, mabelo a fodya ndi anthu, ndipo ikalephera ntchito pamakhala wina wolira.

Pamsika mupeza mitundu itatu. Woyamba ndi lona wabuluu wopepuka uja, wolukidwa ndi timaulusi ta pulasitiki. Ameneyu ngwabwino kuyanikirapo chimanga pabwalo. Pagalimoto sachedwa: dzuwa la Okutobala limamuumitsa, mphepo n'kumukupiza, ndipo posakhalitsa amayamba kuyoyoka ngati thumba lakale. Mtundu wachiwiri ndi tenti ya PVC, yonenepa ndi yosalala, imene mumaiona pa malole akuluakulu opita ku Mchinji ndi ku Chipata. Madzi salowa, ndipo ikabooka imamatika ndi chigamba. Vuto lake siipuma. Mukafunditsa chimanga chosauma bwino dzuwa likuswa mtengo, mkati mumachita thukuta, madontho n'kumagwera pamatumba mvula isanagwe n'komwe. Wachitatu ndi kanvasi weniweni wa thonje, kapena wosakaniza thonje ndi poliyesitala. Ameneyu amapuma, mkati simutentha kwambiri, koma ngwolemera, ngwodula, ndipo akapindidwa wonyowa amachita nkhungu n'kuwola.

Kwa inu bambo a ku Nsaru, amene ntchito yanu yambiri ndi ya matumba, ndinganene kuti tengani PVC. Pogula funsani kulemera kwake. Matenti amayezedwa ndi magalamu pa sikweya mita, ndipo ya pa lole imakhala cha m'ma 600 kapena kuposerapo, pamene lona wabuluu nthawi zambiri safika 200. Wogulitsa akamazemba funsolo, ikani tentiyo pa sikelo. Tenti ya mamita 3 kwa mamita 4 ndi masikweya mita 12, choncho ngati ilidi ya magalamu 600 iyenera kupitirira makilogalamu 7. Ikakwana makilogalamu awiri okha, mwadziwa chimene akukugulitsani. Sikelo yake ikhale yoti mumaikhulupirira, poti za masikelo a mavenda ena tonse tikuzidziwa.

Koma ndikukayika ngati vuto lanu lidali tenti yokha. Mwanena kuti idang'ambika m'makona onse anayi, ndipo kwa ine zimenezi zikuloza zitsulo. Tenti siing'ambika pamalo anayi ofanana mwangozi. Owotcherera ambiri akamapanga khola la kumbuyo kwa pikapu amagwiritsa ntchito chitsulo cha ngodya kapena paipi ya makona, amadula, amalumikiza, n'kusiya mfundo zake zili zakuthwa. Galimoto ikamadumpha m'mabampu, tenti imakhuzika pamfundo pomwepo kambirimbiri pa ulendo umodzi. Ngakhale mutagula tenti yodula chotani, pamenepo ibooka basi. Musanawononge ndalama ina, pitani kwa wowotcherera wanu asalaze mfundo zonse ndi galayinda, mupake penti kuti dzimbiri lisadye nsalu, kenako mukulunge makona ndi chubu chakale kapena muvekepo paipi ya madzi yong'ambidwa m'litali. Ngati mukupangitsa khola latsopano, uzani mmisiri agwiritse ntchito paipi yobulungira ndipo makona awapinde m'malo modula.

Denga la kholalo likhale lokwera pakati ngati la nyumba. Ambiri amalipanga lathyathyathya chifukwa n'losavuta, komanso amafuna kusanjikapo katundu wina. Mvula ikagwa madzi amadikha pakati pa zitsulo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye chithaphwi cha mita imodzi uku ndi uku, chakuya masentimita 5 okha, chimalemera makilogalamu 50. Limenelo ndi thumba lathunthu la chimanga litakhala pansalu usiku wonse. Nsalu imatamuka, misoko imatseguka, ndipo mvula yotsatira chithaphwi chimakula. Zitsulo zopingasa zitalikirane pang'ono, theka la mita kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pakati padutse chitsulo chimodzi cham'litali chokwererapo. Galimoto ikagona panja, iimikeni potsetsereka pang'ono kuti madzi azitsika okha.

Chimodzi ndichinene mosabisa. Khola la tenti ntchito yake ndi kunyamula nsalu. Galimoto ikagubuduzika, mapaipi opyapyala aja amapindika ngati bango ndipo sangateteze munthu. Palinso ena amene amasanjika njinga, matumba a makala, ngakhale anthu pamwamba pake. Kulemera kukakwera m'mwamba, galimoto imapendama msanga pokhota, makamaka m'matope a Januwale pamene tayala limodzi lalowa mumngalande.

Kamangidwe kake nakonso kamapha matenti ambiri. Mdani wamkulu wa tenti pamsewu ndi kukupiza. Ikamangidwa molendewera, mphepo imalowa kutsogolo n'kuifufumitsa ngati baluni, ndipo mphete za zingwe zimazuka imodziimodzi. Kutsogolo, kuseri kwa kabini, tenti ipindikire pansi ndipo igwidwe zolimba kuti mphepo izidutsa pamwamba. M'mbali gwiritsani ntchito malegeni kusiyana ndi chingwe cha nayiloni, chifukwa mphira imatamuka galimoto ikamagwedezeka pamene chingwe chouma chimakoka mphete mpaka kuizula. Waya ndiye ayi ndithu. Mphete ikazuka musaboole nsalu ndi mpeni. Ikani kamwala kosalala mkati mwa nsaluyo, mumange chingwe kuzungulira khosi lake, mufike kunyumba, kenako telala akaikepo chigamba ndi mphete ina.

Ndafika pa nkhani imene ndikufuna aliyense woyendetsa pikapu aiwerenge kawiri. Tonse tikudziwa kuti kumidzi kuno galimoto yomweyo imanyamula katundu m'mawa, usiku n'kuthamangitsa wodwala kapena mayi woyembekezera ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku chipatala cha Kabudula. Tikudziwanso kuti matola, ngakhale apolisi apamsewu amaletsa, sanathe. Kukazizira kapena mvula ikamagwa, dalaivala amatseka tenti kutsogolo ndi m'mbali monse n'kusiya kumbuyo kokha kotsegula pang'ono, poganiza kuti akuchitira anthu chifundo. Galimoto ikamathamanga, mpweya wa kumbuyo kwake umazungulira n'kubwerera mkati. N'chifukwa chake okwera kumbuyo amatsika ali mbuu ndi fumbi ngakhale tenti idali yotseka. Njira imene fumbi limalowera ndi yomweyo imene utsi wa ekizozi umalowera. Mu utsiwo muli mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo m'malo otsekeka umapha. Injini ya petulo imatulutsa wambiri kuposa ya dizilo, koma palibe imene muyenera kuikhulupirira. Mwana akayamba kuwodzera kumbuyoko anthu amangoti watopa ndi ulendo.

Mankhwala ake ngosavuta. Uzani telala asiye kazenera kutsogolo kapena m'mbali cha kutsogolo, kokhala ndi kachivindikiro kolozetsa pansi kuti mvula isalowe, kuti mpweya wabwino uzilowa n'kukankhira woipa kunja. Onetsetsani kuti paipi ya ekizozi sidabooke pansi pa bodi ndipo kamwa lake latulukira kunja kwa galimoto. Misewu yathu imathyola mapaipi amenewa, ndipo ambiri amangomanga ndi waya n'kumayenda paipi itathera pakati pa galimoto. Mukaima kudikira kuti mtsinje uphwe, zimitsani injini ngati kumbuyo kuli anthu.

Za kasamalidwe sindichulutsa. Tenti yonyowa isapindidwe. Iyanikeni iume kaye, ndipo poisunga ikhale pamwamba, kutali ndi makoswe ndi chiswe. Matope muwasiye aume, muwakutumule ndi burashi yofewa, kenako mutsuke ndi madzi. Sopo waufa wochapira zovala amachotsa mankhwala oletsa madzi pa kanvasi. Kanvasi watsopano wa thonje amadontha m'misoko masiku oyamba, choncho musafulumire kukalalatira telala: munyowetseni n'kumuumitsa kawiri kapena katatu, ulusi ufufuma n'kutseka mabowo a singano. Ulusiwo ukhale wonenepa wa poliyesitala, chifukwa wamba wosokera malaya umawola nyengo imodzi. Zipi ikamalimba ikhuzeni ndi kandulo. Girisi amakoka fumbi n'kuidya mano. Amene muli ndi timagalimoto ta Suzuki kapena Land Rover zakale za mazenera a pulasitiki, musamapukute mazenerawo ndi nsanza youma, poti fumbi limawakanda mpaka kuchita khungu. Thiranipo madzi kaye, ndipo pochotsa muziwakulunga ngati mphasa, osawapinda.

Feteleza ali ndi khalidwe lake. Urea imakoka chinyezi n'kuundana, komanso fumbi la feteleza limadyetsa chitsulo dzimbiri msanga. Mukamaliza kututa matumba nyengo ino, tsukani bodi ndi miyendo ya khola pamene yakhudzana ndi bodi. Pansi pa matumba yalani matabwa kapena mapaleti, chifukwa madzi ambiri amene amanyowetsa katundu amalowera pansi, kudzera m'mbali mwa bodi, tenti ili bwinobwino pamwamba. Tentiyo itsike kupitirira mlomo wa bodi ndi chikhatho chimodzi kuti madzi azigwera kunja. Ikathera mkati mwa bodi ndiye kuti mwapanga ngalande yothirira katundu wanu yemwe. Bambo a ku Nsaru, kaonetsetseni ngati matumba atatu aja sadali apansi.

Tenti yomwe mugule lero ndi imene idzanyamule fodya kupita ku okushoni ku Kanengo msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, nthawi imene mvula yomaliza imakhala isanatheretu. Apa lona wabuluu amalakwa kawiri. Belo likanyowa limachita nkhungu ndipo ogula amalibweza. Komanso timaulusi ta pulasitiki toyoyoka pa lona wakale timamatirira pa chiguduli n'kulowa mufodya, ndipo makampani ogula fodya amakana belo lopezeka ndi pulasitiki kapena zinyalala zina. Mlimi amene wasamalira nazale, wapalira, wathyola, wasoka ndi kusankha kwa miyezi yambiri angathe kubwezeredwa belo chifukwa cha chofunditsa cha mwini galimoto. Alimi, muli ndi ufulu woyang'ana tenti musanakweze mabelo anu, ndipo mugwirizane mboni zilipo kuti katundu akanyowa panjira alipire ndani. Chimodzimodzi inu a mtedza, poti chinyezi ndicho chimabweretsa chuku, ndipo mtedza wa chuku ndi woopsa kudya, ngakhale pamsika wabwino saulandira.

Kuyesa tenti sikulira ndalama. Masana dzuwa lili pamutu, lowani kumbuyo, mutseke monse, muyang'ane m'mwamba. Paliponse pamene pakuoneka kadontho ka kuwala palembeni ndi choko. Kenako mwana athire ndowa ziwiri za madzi pamwamba inu muli mkati momwemo, muone pamene akudikha ndi pamene akulowera. Chitani zimenezi sabata ino, matelala osoka matenti asanadzazidwe ndi ntchito, chifukwa mvula yoyamba ikangogwa mzere wake umatalika ndipo mtengo wa chigamba umakwera.