Kupirira ululu si mankhwala

Amalume anga amalima fodya ku Bolero. Msana wawavuta zaka zitatu tsopano, koma ukawauza za chipatala yankho ndi lomwelo: "Mwamuna salira, iwe." Tsiku limene anagonja n'kupita, wina wovala yunifolomu anawapatsa Panado n'kuwauza kuti apirire. Ine ndikuti onse awiri akulakwa, ndipo umboni wake uli m'thupi momwemo.

Ukaponda khala la moto, nsonga za mitsempha ya pakhungu zimatumiza uthenga kumtsempha waukulu wa mumsana, uwo n'kuupititsa ku ubongo. Njira zake ndi ziwiri. Mitsempha ya A-delta imatha kuthamanga mamita 30 pa sekondi, ndiye kubaya koyamba kuja. Ya C imayenda mita imodzi kapena iwiri basi, ndiye kunyeka kobwera pambuyo. Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti mumsanamo muli ngati chipata chomwe chimachepetsa kapena kukulitsa uthengawo. N'chifukwa chake kusisita pamene wagunda kumathandiza. Agogo athu ankazichita asanamve za azunguwo.

Nachi chimene a "pirirani" safuna kumva. Uthenga wa ululu ukamabwera tsiku ndi tsiku osaletsedwa, mitsempha simalimba ayi. Imasanduka yamantha. Imayamba kufuula ngakhale pa kukhudza wamba, ndipo ululu umatha kutsalira bala litapola kale. Ndiye kupirira kwa amalume kukuphunzitsa msana wawo kupweteka.

Ena ati ululu ndi mlonda. Ndikuvomera. Odwala khate amataya zala chifukwa samva akapsa kapena akabayidwa. Koma mlonda amene wakuwa zaka zitatu osapuma sakukuuzanso chachilendo, akungokulanda tulo.

Chimandinyansa kwambiri ndi mantha athu pa morphine. Kumudzi timati ndi mankhwala a munthu wotsala madzi amodzi, achibale n'kumakana kuti wodwala khansa apatsidwe. Chonsecho bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yake yothetsera ululu wa khansa mu 1986, ndipo morphine ali momwemo.

Inu amene mukuphunzira unamwino, mawa mudzakhala m'zipatala za ku Hewe, Mlowe kapena Livingstonia. Mayi akadzati "nkhupulika vyakuŵinya", musadzamuyeze ndi kukula kwa kulira kwake. Anthu athu anaphunzitsidwa kukhala chete. Mufunseni pomwe pakupweteka, kuyambira liti, komanso ngati usiku akugona.