ZA MTSINJE WA MZIMBA NDI NKHALANGO YA PEREKEZI

Kwa a Pulezidenti ndi mamembala onse.

Mabwana, ndiloleni kuika mau pang'ono pamaso panu tisanakomane pa msonkhano ukudzawu.

Mtsinje wa Mzimba, umene timwako ife a pa boma, ucokera ku mapiri a Viphya kum'mawa, nutsikira kumadzulo kufikira utathira mu South Rukuru. Ndipo Rukuru atenga madziwo kumka nao kumpoto, napyola mpata wa Njakwa kufupi ndi Rumphi, nalowa m'Nyanja. Cotero dothi lokokoloka m'minda yathu silibweranso.

M'caka ca 1935 Boma linapatula nkhalango ya Perekezi, pakuti mizu ya mitengo igwira mvula niitulutsa pang'ono pang'ono m'akasupe. Koma lero ootca makala alowamo, ndipo ena alima kufikira pagombe penipeni. Cifukwa cace m'dzinja madzi adza ofiira ndi aukali, ndipo m'malimwe akazi athu afukula mcenga.

Wina adzati, wootca makala ali nao ana ofuna fizi ya sukulu. Ndibvomera. Koma thumba la makala litha sabata imodzi, pamene mtengo wa muwanga sukula msanga.

Tsono ndipempha kuti tilembe kalata kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kuti mafumu aletse kulima pagombe, abzalitse nsungwi ndi mikuyu pamenepo, ndi kuti mudzi uli wonse upatule nkhalango yace ya nkhuni ndi ming'oma ya njuci.

Ine wanu womvera,
Mlembi, Mzimba.