Batire ya magnesium isatiopseze, komanso isatinamize

Pali ena pakati pathu amene akuti lithium wa ku Bikita ndi graphite wa ku Balama atha ntchito posachedwa chifukwa kukubwera mabatire a magnesium. Ine ndikuti tisalire maliro wodwala akadali moyo.

Chimene chikukopa akatswiri n'chomveka. Magnesium ndi wochuluka m'madzi a m'nyanja zamchere ndi m'miyala ya dolomite, ndipo ion yake iliyonse imanyamula mphamvu ziwiri za magetsi pamene ya lithium imanyamula imodzi. Zitsulo ziwirizi zikafanana kukula, cha magnesium chimasunga magetsi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Doron Aurbach ndi anzake pa yunivesite ya Bar-Ilan ku Israel anaonetsa m'chaka cha 2000 kuti batire yotere ingathe kutchajidwa mobwerezabwereza, ngakhale inkatulutsa mphamvu yongopitirira pang'ono volt imodzi.

Tsoka lake lili mu mphamvu ziwiri zomwezo. Mkati mwa batire muli electrolyte, njira imene ma ion amadutsamo kuchoka mbali ina kupita inzake. Zamadzimadzi zimene zimatumikira bwino lithium zikakhudza magnesium zimapanga chikhungwa chotseka njirayo, ndipo zambiri mwa zimene sizitseka zimadya zitsulo za batireyo. N'chifukwa chake maso ali pa electrolyte yolimba, yosadontha komanso yosayaka msanga. Koma m'chinthu cholimba, ion ya magnesium imakokedwa mwamphamvu ndi zoizungulira, n'kumayenda ngati ngolo yolemera m'dambo nthawi ya dzinja. Mu 2014 akatswiri a Toyota ku Japan anapeza mchere wa borohydride umene unalola magnesium kudutsa, koma pokhapokha utatenthetsedwa kufika madigiri 150. Mu 2017 gulu la Gerbrand Ceder ku Berkeley, mogwirizana ndi Argonne, linalengeza za MgSc2Se4, mmene magnesium amayenda mofulumira popanda kutenthetsa. Chimwemwe chinali chapakatikati: chinthucho chimalolanso ma electron kudutsa, kotero batire imadzikhetsera magetsi ili chikhalire. Ndipo scandium, amene ali m'kati mwakemo, ndi wosowa ndi wodula koposa, zimene zikufafaniza phindu lonse la kutchipa limene tinayambira.

Zaka zoposa 20 zapita chiyambire ntchitoyi, koma simungalowe m'sitolo n'kugula foni kapena galimoto ya batire yotchajidwa ya magnesium. Amene akufuna mdani weniweni wa lithium ayang'ane sodium, amene kampani ya CATL ya ku China inamulengeza mu 2021 ndipo ali kale pamsika.

Enanso amati magnesium akadzapambana ife tidzapuma, popeza miyala yake ili paliponse. Apa ndiye pamene ndikutsutsa kwambiri. Mwala si chitsulo. Kuyenga magnesium kumadya moto ndi magetsi ochuluka, ndipo China ndiyo imapanga woposa magawo 80 pa 100 alionse padziko lonse. Pamene mafakitale a ku Shaanxi anachepetsedwa magetsi mu 2021, ngakhale opanga magalimoto a ku Ulaya anagwira njakata. Nanga ife, amene madzi akatsika ku Kariba timagona mumdima maola ambirimbiri, ng'anjo zake tidzaziyatsa ndi chiyani?

Zimbabwe inaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayenga mu December 2022, ndipo Zambia ndi DRC anasainirana pangano la mabatire mu April chaka chomwecho. Zonse ziwiri zidzaima kapena kugwa ndi magetsi a mafakitale athu, kaya batire ya mawa idzakhala ya lithium, sodium kapena magnesium.