Ndemanga: Kabotolo kakang'ono, mtengo wa madola

Kafue Estates inamangidwa chifukwa cha mafakitale. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia itatsegulidwa mu 1970, pamodzi ndi ya nsalu ya Kafue Textiles, antchito anafunika nyumba. Pa mafakitale amene Kafue inadziwika nawo pali inanso yosatchulidwa kawirikawiri, ya Lee Yeast, ya yisiti wofufumitsira buledi. Ambiri sadziwa kuti kanthu kamoyo kameneka, mayiko ena akupangira mankhwala othandiza odwala khansa.

Nkhani yake ili motere. Maselo a m'thupi mwathu amatumizirana mauthenga kudzera m'mapuloteni ena ang'onoang'ono, amene ali ngati amithenga a mfumu: wina amauza selo kuti likule, wina kuti ligawikane, wina kuti lileke. Khansa imayamba pamene selo lasiya kumvera, kapena likungomva uthenga umodzi wokha woti lichulukane. Rita Levi-Montalcini ndi Stanley Cohen analandira mphoto ya Nobel mu 1986 chifukwa chotulukira ena mwa mapuloteni amenewa. Vuto linali lakuti m'thupi amapezeka ochepa zedi. Asayansi anapeza njira yotenga kachidutswa ka DNA ya munthu n'kukaika mu yisiti kapena mu bakiteriya, ndipo tizamoyoto tikamaswana m'matanki timapanga puloteni ya munthuyo yambirimbiri. Mankhwala a shuga a insulin opangidwa motere anayamba kugulitsidwa mu 1982.

Kodi zikumukhudza bwanji mayi wa ku Estates amene amakwera basi kupita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007? Mankhwala a khansa olowetsa m'mitsempha amapha maselo a khansa, komanso amagwetsa asilikali a m'thupi. Asilikaliwo akachepa kwambiri, dokotala amaimitsa kaye mankhwalawo, ndipo khansa siidikira. Jakisoni wa filgrastim, yemwe anavomerezedwa ku America mu 1991, ndi puloteni yolamula mafupa kuti apange asilikali atsopano msanga. Ameneyu amapangidwa ndi bakiteriya. Mnzake, sargramostim, amapangidwa ndi yisiti. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linaika filgrastim pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse.

Ofufuza nawonso sangagwire ntchito popanda mapuloteniwa. Kuti aone ngati mankhwala atsopano akugwira, amalera maselo a khansa m'timbale, n'kumawathirira amithenga aja kuti aone mmene akuyankhira. Puloteniyo imabwera m'kabotolo kochepa kuposa chala, kochokera kutsidya kwa nyanja, kolipiridwa ndi madola, ndipo ikafunda yawonongeka. Kumbukirani chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Kumalo ofufuzira kopanda jenereta yodalirika, usiku umodzi wokha ungataye ntchito ya miyezi.

Wina anganene kuti tingodikira zimene azungu atulukire. Ayi. Khansa zimene zikutitha kuno si zimene zimawasowetsa tulo iwo. Kuno imene ikupha amayi ambiri ndi ya khomo la chiberekero, ndipo pali ya pakhungu ya Kaposi, yomwe inachuluka ndi kachilombo ka HIV. Ife tikapanda kuzifufuza, adzatifufuzira ndani?

Sitikunena kuti fakitale ya yisiti wa buledi ingadzuke mawa n'kuyamba kupanga jakisoni. Ukhondo ndi ukatswiri wake n'zosiyana kutalitali. Koma tawuni imene inazolowera matanki, mapaipi ndi ntchito ya mashifiti isamaone ngati zimenezi n'zamatsenga. Ndipo phindu la yisiti lafika kale pakhomo: katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, amapangidwa ndi yisiti. Makolo, musawabise ana katemerayu akafika pasukulu.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi a University of Zambia, pempho lathu n'losavuta: mafiriji a m'zipinda zofufuzira akhale ndi magetsi osazima, katundu wozizira asamagonere pabwalo la ndege kudikira mapepala, ndipo filgrastim asamasowe m'chipatala cha boma.